Dzino likundisowetsa tulo koma jakisoni ndikumuopa

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 41, ndimagulitsa tomato ndi anyezi mumsika wa Ndirande ku Blantyre. Dzino langa lakumapeto, lam'munsi kumanzere, labowoka, ndipo ino ndi sabata yachitatu tulo ndisakutiona. Panado ndi Brufen ndamwa mpaka m'mimba mwayamba kuotcha. Anzanga pamsika akuti ndidonthezere mafuta a mabuleki a galimoto pabowopo, ndakana. Ndikudziwa kuti kofunika n'kuchipatala. Chikundimanga miyendo ndi jakisoni wochititsa dzanzi uja.

Zaka 8 zapitazo ndinakazulitsa dzino lina tsaya lili chotupa. Atangondibaya mkati, kumapeto kwa chibwano, mtima unayamba kugunda ngati ng'oma, manja kunjenjemera, thukuta kamukamu. Ndinkangoti basi ndikupita. Mlomo ndi theka la lilime zinachita dzanzi, koma dzinolo ayi. Ndinakweza mkono, ndinalira, wozulayo anangoti ndilimbe mtima poti panja pali mzere, n'kupitiriza. Ana atatu ndabereka ine, Azakhali, koma ululu wa tsiku limenelo ndi umene umandibwerera ndikangomva fungo la chipatala.

Namwino wina amene timapemphera naye anandifotokozera kuti mankhwalawo, lignocaine, nthawi zambiri amasakaniza ndi adrenaline kuti dzanzi likhalitse komanso magazi asatuluke ambiri, ndipo adrenaline ameneyo ndi amene amathamangitsa mtima kwa mphindi zochepa. Anatinso dzino likakhala ndi mafinya jakisoni sagwira bwino. Zinandikhazikako mtima pansi kudziwa kuti sindinkadzipangitsa. Koma nthawi imeneyo ndinalibe BP. Pano ndili nayo, ndimamwa mapiritsi m'mawa uliwonse, ndipo mayi anga anamwalira ndi sitiroko. Usiku ndikagwira tsaya ndimaganiza: mtima ukadzathamanga chomwechija pampando paja, ana anga adzatsala ndi yani?

Bambo a kunyumba akuti ndikuchita zachibwana, kasingano kakang'onong'ono. Andiperekeza kawiri, kawiri konse ndabwerera pakhomo pa chipatala, ndalama ya minibasi kungotayika. Tsopano atopa nane, ndipo sindikuwada.

Ndithandizeni. Kodi munthu wa BP angabayidwe jakisoni ameneyu popanda choopsa, kapena ulipo wina wopanda adrenaline woti ndingapemphe? Ndamva kuti ena amayamba apaka mankhwala pa usinini kuti singano isamveke. Kodi n'zololedwa kupempha zimenezi kuchipatala cha boma? Chachikulu chimene chikundivuta ndi pakamwa. Ife tinaleredwa kuti dokotala sayankhidwa. Ndinganene mawu otani, mwaulemu, kuti adziwe za BP yangayi asanandibaye, ndiponso kuti ndikakweza mkono asiye kaye, awonjezere mankhwala?

Tsaya layambanso kutupa dzulo.

Ine wanu,
Mayi wa ku Ndirande