Pomanga yunivesite ya kafukufuku, yambani ndi anthu ndi ndalama za chaka ndi chaka

Akonzi,

Tiloleni tiikepo mlomo pa lonjezo limene maboma ambiri amakonda kulengeza, lakuti pofika chaka chakutichakuti dziko lidzakhala ndi yunivesite yopikisana ndi zikuluzikulu za padziko lonse pa kafukufuku. Cholingachi timagwirizana nacho ndi mtima wonse. Chimene chimatidetsa nkhawa ndi poyambira pake. Nthawi zambiri ntchito imayamba ndi kupeza malo, kujambula mapulani ndi kuika mwala wa maziko. Funso lakuti adzagwira ntchito m'nyumbazo ndani, ndi ndalama zochokera kuti, kwa zaka zingati, limafunsidwa thumba litaphwa kale.

Pamene Johns Hopkins University inkatsegulidwa ku Baltimore mu 1876, inali ndi chuma cha madola 3.5 miliyoni chimene mwini dzinalo anaisiyira. Mtsogoleri wake woyamba, Daniel Coit Gilman, sanathamangire kumanga. Sukuluyo inayambira m'nyumba wamba za mkati mwa mzinda, iye n'kumayenda mpaka ku Ulaya kusaka anthu. Analemba ntchito James Sylvester wa masamu, Ira Remsen wa kemisitiri, ndi Henry Rowland wa fizikisi, amene panthawiyo anali asanakwanitse zaka 30. Anapatulanso ndalama zopatsa ophunzira a digiri zapamwamba kuti maganizo awo onse akhale pa kafukufuku. Mu 1878 Sylvester anayambitsa magazini ya kafukufuku wa masamu imene ikutulukabe mpaka lero. Hong Kong University of Science and Technology, imene inatsegulidwa mu 1991, inamangidwa mokongola ndithu, koma chimene chinaikweza msanga n'chakuti mtsogoleri wake, Chia-Wei Woo, anakopa mapulofesa okhwima amene ankagwira kale ntchito m'mayunivesite a ku America.

Anthu 10 kapena 20 oyamba kulembedwa ndi amene amaumba sukulu yonse. Katswiri weniweni amakoka anzake. Munthu wofooka akapatsidwa mpando poyamba, amalemba ofooka kuposa iye poopa kuphimbidwa, ndipo kulakwa kumeneko kumakhala m'nthambimo zaka 30, mpaka mwiniwake atapuma pa ntchito. N'chifukwa chake malo antchito ayenera kulengezedwa padziko lonse, m'komiti yosankha mukhale akatswiri ochokera kunja kwa sukuluyo, ndipo wofuna ntchito aimirire pamaso pa anzake kufotokoza kafukufuku wake ndi kuyankha mafunso. Ku Germany malamulo amachepetsa mwayi woti munthu akwezedwe kukhala pulofesa pa sukulu yomwe waphunzirapo ndi kukulirapo. Lamuloli limapweteka ena, koma limaletsa nthambi kusanduka banja la mphunzitsi mmodzi ndi ophunzira ake akale.

Ndalama sizikwanira nthambi zonse, choncho pamafunika kusankha. Frederick Terman, amene anakweza Stanford University itatha nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ankalimbikira zoti sukulu itenge nthambi zowerengeka n'kuzifikitsa pamwamba penipeni. Terman yemweyo anatsogolera gulu limene lipoti lake linathandiza kukhazikitsa sukulu ya ku South Korea imene lero ndi KAIST, mu 1971. Caltech, yunivesite ya sayansi ya ku America, ili ndi ophunzira osakwana 2,500, koma palibe amene amaiderera. Maganizo athu ndi akuti yunivesite yatsopano iyambe ndi nthambi 3 kapena 4, iliyonse ikhale ndi magulu a kafukufuku osachepera 8. Pamenepo makina amodzi odula amatumikira magulu ambiri, wophunzira amapeza anthu omutsutsa ndi kumuwongola, ndipo pulofesa mmodzi akachoka nthambiyo siifa. Chovuta n'chakuti kusankha kumakwiyitsa osasankhidwa, ndiye atsogoleri amagawa ndalama mofanana kuti pasakhale wodandaula. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Gulu limodzi la m'labotale lingakhale ndi pulofesa mmodzi, anthu 2 amene angomaliza kumene PhD, ophunzira a PhD 4 kapena 5, ndi mmisiri wosamalira zipangizo. Amene amagwira ntchito ndi manja tsiku ndi tsiku ndi ophunzirawo. Ngati salandira kangachepe mwezi ndi mwezi, amakasaka maganyu, ndipo digiri ya zaka 4 imakokeka mpaka kuthera panjira. Pulofesa naye amafunika nthawi. M'mayunivesite ambiri a kafukufuku, pa magawo 100 a nthawi ya mphunzitsi, 40 amapita ku kuphunzitsa, 40 ku kafukufuku, 20 ku ntchito za makomiti. Tsopano werengani za munthu amene wapatsidwa makalasi 4 a ophunzira 300 iliyonse. Mayeso amodzi okha ndi mapepala 1,200. Akamachonga pepala lililonse kwa mphindi 10, ndi maola 200, kutanthauza masabata 5 athunthu osachita china chilichonse. Munthu wotereyu mungamupatse makina abwino bwanji, sadzawayatsa. M'masukulu akuluakulu a ku America, pulofesa wachinyamata wa sayansi ya m'labotale amalandira ndalama zoyambira zimene zimatha kupitirira madola 1 miliyoni, amachepetseredwa makalasi, kenaka pakatha zaka pafupifupi 6 akatswiri akunja amaunika ntchito yake. Ikakoma amakhazikika, ikapanda kukoma amachoka.

Pamene mapulani ambiri amagwera ndi pa ndalama zoyendetsera ntchito. Walira mvula walira matope. Firiji zosungira magazi, maselo ndi tizilombo toyambitsa matenda zimayenera kukhala pa madigiri 80 pansi pa ziro usana ndi usiku. Magetsi akazima Lachisanu madzulo, jenereta n'kukanika kulira chifukwa batire yake inatha mphamvu osaiyesa, pofika Lolemba ofufuza amapeza timabotolo tonse titasungunuka, madzi ali chapachapa pansi, ntchito ya zaka 5 itapita. Kupewa zimenezi sikufuna nzeru zakuya: jenereta iziyatsidwa sabata iliyonse ngakhale magetsi alipo, firiji iliyonse ikhale ndi chipangizo chotumiza uthenga pa foni kuzizira kukayamba kuchepa, pakhale munthu wodziwika woyankha uthengawo usiku, ndipo firiji imodzi izikhala yopanda kanthu, yozizira kale, yosamutsiramo katundu. Makina a NMR, ounikira kapangidwe ka mankhwala, ali ndi maginito amene amakhala m'madzi a helium ozizira pafupifupi madigiri 269 pansi pa ziro. Helium ikatha osawonjezera, maginitoyo amataya mphamvu mwadzidzidzi, ndipo kuwadzutsanso kumadya ndalama zambiri ndi masabata angapo.

Makina akuluakulu amafuna mgwirizano ndi kampani yowapanga kuti izibwera kudzawakonza, ndipo kawirikawiri mgwirizanowu umadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mtengo wa makinawo chaka chilichonse. Makina a madola 500,000 amafuna pafupifupi madola 50,000 pachaka, ndiye kuti pa zaka 10 mwawagulanso kachiwiri. Amene anapereka makinawo ngati mphatso sakhalaponso nthawi imeneyo. Apa m'pamenenso mmisiri wa m'labotale amaonekera kufunika kwake. Ndi munthu amene amadziwa kulira kwa pampu ikayamba kudwala, koma m'masukulu ambiri alibe makwerero a ntchito, ndiye akangodziwa bwino ntchito makampani amamutenga.

Malamulo ogulira katundu wa boma anapangidwa poganizira simenti ndi mipando. Mankhwala ena a m'labotale amayenda m'bokosi la ayezi wouma amene amatha pa masiku ochepa. Bokosilo likakhala masabata 3 pa bwalo la ndege kudikira mapepala a msonkho, chimene chimafika ku labotale ndi zinyalala zolipiridwa kale. Lamulo loti mugule kwa wotchipa pa ogulitsa atatu limakakamiza ofufuza kusintha mankhwala kafukufuku ali mkati, ndipo zotsatira za miyezi yoyamba sizingayerekezedwenso ndi za miyezi yotsatira. Njira yake ndi kupangana ndi ogulitsa odalirika kwa zaka zingapo, kulola mkulu wa gulu kugula zinthu zing'onozing'ono yekha mpaka pa mlingo woikika, owerengera ndalama n'kumadzafufuza pambuyo.

Ena amati yunivesite idzadzidyetsa yokha ndi ndalama zopikisana za kafukufuku. Ndalama zimenezi sizilipira zonse. Ku United Kingdom mabungwe a boma othandiza kafukufuku amapereka 80 peresenti ya mtengo weniweni wa ntchito, yotsalayo sukulu imaonera yokha. Yunivesite yopanda thumba lina ingathe kusauka chifukwa chopambana mipikisano yambiri, popeza ntchito iliyonse yatsopano imawonjezera magetsi, madzi ndi antchito a mu ofesi. Masukulu okhala ndi chuma chosungitsa, monga Harvard, amadya pafupifupi 5 peresenti ya chumacho pachaka kuti chisathe. Pa mlingo umenewo, kuti mupeze madola 50 miliyoni chaka chilichonse mufunika kusungitsa madola 1 biliyoni. Amene alibe chuma chotere ayenera kupeza lonjezo la boma lolembedwa m'lamulo, la zaka zingapo nthawi imodzi. Germany imapereka ndalama ku magulu ake a kafukufuku osankhidwa kwa zaka 7. China inayamba Project 985 mu 1998 ndipo yapitiriza kuthira ndalama m'masukulu osankhidwa kwa zaka zoposa 20. Wophunzira wa PhD sangalembedwe pa bajeti imene ingadulidwe pakati pa chaka.

Za ufulu wa sukulu tinene mwachidule, chifukwa mbiri imalankhula yokha. Yunivesite ya Göttingen ku Germany inali likulu la masamu padziko lonse. Mu 1933 boma la Nazi litachotsa ntchito aphunzitsi achiyuda, Emmy Noether, Richard Courant ndi Max Born anachoka, ndipo zimene zinamangidwa kwa zaka zoposa 100 zinagwa pa miyezi yowerengeka. Central European University inasamutsa maphunziro ake ambiri kuchoka ku Budapest kupita ku Vienna mu 2019 itapanikizidwa ndi lamulo la boma la Hungary. Boma lili ndi ufulu wofunsa mmene ndalama zake zayendera. Kusankha mapulofesa, mitu ya kafukufuku ndi zoyenera kufalitsidwa zikhale m'manja mwa sukulu ndi khonsolo yake, imene mamembala ake sachotsedwa boma likasintha.

Tichenjerenso ndi mindandanda ya masukulu opambana. Mndandanda wa ku Shanghai, umene unayamba mu 2003, umapereka 30 peresenti ya mapointi pa mphoto za Nobel ndi Fields (ya masamu), zimene sukulu yatsopano singazipeze posachedwa ngakhale itagwira ntchito bwino chotani. Russia inayamba pulogalamu ya 5-100 mu 2013 pofuna kuti mayunivesite 5 alowe m'gulu la 100 oyamba pofika 2020, ndipo cholingacho sichinakwaniritsidwe. Mukamalipira munthu pa pepala lililonse limene wafalitsa, amaduladula kafukufuku mmodzi kukhala mapepala 5, ena mpaka kugula malo m'magazini achinyengo. Mu 2020 boma la China linaletsa masukulu kupereka ndalama za mphoto potengera mapepala ofalitsidwa. Muyeso wodalirika ndi wakale uja: zaka 5 zilizonse akatswiri akunja abwere, awerenge ntchito 3 kapena 4 zimene wofufuza aliyense akuziona kuti ndi zabwino koposa, afunsenso kumene ophunzira a PhD anapita atamaliza.

Pempho lathu kwa inu, Akonzi, n'lakuti atolankhani anu akapita ku mwambo wotsegulira sukulu yotere, akafunse kuti mapulofesa amene asayina kale makalata a ntchito ndi angati ndipo anawasankha ndani, ophunzira a PhD olandira ndalama mwezi ndi mwezi adzakhala angati chaka choyamba, ndiponso ndalama zokonzera makina m'chaka chachisanu zalembedwa pa mzere uti wa bajeti.

Ife owerenga anu,
Aphunzitsi ndi ofufuza a m'sukulu za ukachenjede