Msewu wa Malangalanga usiyidwire oyenda pansi

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa nkhani ya mpanipani wa ku Old Town, makamaka mumsewu wa Malangalanga ndi tinjira tozungulira msika waukulu ndi depoti ya mabasi. Ine ndine telala, ndipo makina anga amakhala pakhonde la sitolo ina ku Area 2, choncho zimene ndikunenazi ndimaziona tsiku ndi tsiku. Pempho langa kwa akhonsolo ya mzinda wa Lilongwe ndi lakuti atseke chigawo china cha msewu umenewu kuti masana magalimoto asamadutsemo, chikhale cha anthu oyenda pansi ndi amalonda basi.

Amene akuona ngati ndikulota abwere adzaime pakhomo la msika dzuwa lili paliwombo, adzawerenge okha. Pamene galimoto imodzi ikukwawa, ikuliza hutala, anthu makumimakumi amakhala atadutsa kale: amayi osenza madengu a tomato, anyamata okankha mawilibala odzaza matumba a kachewere, ana asukulu, agogo otsika basi ya kumudzi omwe akufunsa kokwerera ya ku Kawale. Msewuwu eni ake ndi anthu amenewa kalekale. Chimene chikusowa n'chakuti malamulo avomereze zimene maso akuona.

Tikumbutsane kumene mzinda uno unachokera. Lilongwe anayamba ngati kaboma kakang'ono m'mbali mwa mtsinje, m'dera la mfumu Njewa, cha m'ma 1902, ndipo pofika 1904 panali pokhala bwanamkubwa wa atsamunda. Chimene chinakuza malowa ndi malonda. Misewu yochokera kumwera, kumpoto, kunyanja ndi ku Fort Jameson, komwe lero ndi ku Chipata, inkakumana pano, ndipo ulimi wa fodya utafika pachimake m'zaka za m'ma 1920, alimi ankabwera kudzagulitsa ndi kudzagula nsalu, mchere ndi makasu m'masitolo a amwenye kutsidya lino la mtsinje. Ambiri ankabwera wapansi kapena panjinga. N'chifukwa chake masitolo akale a ku Area 2 ali ndi makonde aakulu oyang'ana kumsewu, oti munthu ausepo mvula, apumulepo, telala aikepo makina. Amene anamanga makondewa ankaganizira munthu woyenda pansi.

Boma la Kamuzu Banda litaganiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, bungwe la Capital City Development Corporation, lomwe linakhazikitsidwa mu 1968, linamanga mzinda watsopano kumpoto ndi ngongole yochokera ku South Africa, ndipo mu 1975 Lilongwe anakhala likulu. Mzinda watsopanowo anaujambula motayana: Capital Hill uko, Kanengo uko, Lumbadzi kutali uko, pakati pali nkhalango ndi misewu italiitali. Ndi wokongola, sindikana, koma umakomera wa galimoto. Wopanda galimoto anatsala ndi Old Town, ndipo opanda galimoto ndife ambiri. Mu 1966 anthu a m'tauni ino sankakwana 20,000. Kalembera wa 2018 anapeza 989,318. Misewu yozungulira msika sinakule molingana ndi chiwerengero chimenechi.

Tsono njira imene takhala tikuyesa ndi yothamangitsana. Tonse tikukumbukira Operation Dongosolo ya mu 2006, nthawi ya Bingu wa Mutharika, pamene mavenda anachotsedwa m'misewu n'kuuzidwa kuti akalowe m'misika monga wa Tsoka m'mbali mwa mtsinje. Misewu inayera kwa kanthawi, ndipo ambiri tinaombera m'manja. Koma madzi saiwala khwawa. Wogulitsa masokosi, tochi kapena nthochi zakupsa amadalira munthu wodutsa amene sanachoke kunyumba ndi maganizo ogula, waona chinthu n'kupisa dzanja m'thumba. Mukamuika kuseri, kumene munthu amafika pokhapokha atachita kufuna, mwamulanda msika ngakhale mutamupatsa benchi. N'chifukwa chake amabwerera, amathamangitsidwa, n'kubwereranso, chaka ndi chaka.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi momwe kuthamangitsanaku kumaonekera pafupi. Pali mayi wina amene amayala zovala za ana za kaunjika pachitenje moyang'anizana ndi khonde lathu. Nsonga zinayi za chitenjecho amazisiya poyera dala, ndipo maso ake sakhala pa kasitomala, amakhala kumtunda kwa msewu. Wina akangoimba mluzu, amakoka nsonga zija, mtolo pamutu, mwana kumsana, liwiro kudutsa pakati pa maminibasi ndi njinga zamoto za kabaza. Tsiku lina mayiyu kapena mwana wakeyo adzagundidwa, ndipo tidzati ndi ngozi. Iyeyu si wakuba. Amandiuza kuti, "A telala, atandionetsa poti ndikhale, tiketi ndingamadule tsiku lililonse, bola ndisamathawe." Ndalama imene khonsolo ikanatolera kwa anthu ngati iyeyu ikungotayika, kwinaku ikuwononga ina polipira owathamangitsa.

Mizinda ina inaona kale zimenezi. Ku Copenhagen m'dziko la Denmark anatseka msewu waukulu wamalonda wotchedwa Strøget mu 1962, poyamba mongoyeserera. Eni masitolo anakwiya poopa kuti makasitomala athawa, koma anthu oyenda pansi anachuluka, ndipo msewuwo sunatsegulidwenso kwa magalimoto mpaka lero. Wina anganene kuti zimenezo n'za ku Ulaya. Nanga ku Kigali ku Rwanda? Kumeneko anatseka msewu wina wapakati pa mzinda mu 2015. Ndinene chilungamo: amalonda kumeneko anadandaula kuti malonda atsika, chifukwa msewu unangotsekedwa usanakonzedwe, ndipo zinatenga zaka kuti aike mabenchi, mitengo ndi timashopu. Ifeyo tili ndi mwayi umene a ku Kigali analibe, chifukwa anthu ndi malonda mu Malangalanga alimo kale, sitichita kuwaitana.

Ndikudziwa nkhawa ya mabwana a mahawusela ndi mahadiweya, kuphatikizapo mwini khonde limene ndimasokerapo. Simenti, malata ndi mabelo a shuga sizingabwere pamutu. Yankho lake ndi nthawi: malole azitsitsa katundu m'mamawa isanakwane 7 koloko ndi madzulo ikadutsa 6 koloko. Masana katundu aziyenda pawilibala, monga akuyendera kale, ndipo anyamata a mawilibala apeza ganyu yochuluka. Maminibasi apatsidwe khomo limodzi lolowera kudepoti ndi lina lotulukira, m'malo moima paliponse pamene woitanira waona munthu.

Kutseka ndi zigubu za simenti kokha sikukwanira. Ngalande za m'derali zimatsekeka ndi mapepala apulasitiki, ndipo mvula ikagwa madzi akuda amayenderera mpaka pamakonde. Ziyambe zakonzedwa zimenezo. Pakhale zimbudzi zolipira zaukhondo, mipopi ya madzi, migolo yotayamo zinyalala ndi magetsi a dzuwa kuti amayi oweruka mochedwa aziyenda opanda mantha. Pakati pa msewu pasiyidwe mpata woti ambulansi ndi galimoto yozimitsa moto zizidutsa, pakuti tonse taonapo misika ikupsa m'dziko muno ozimitsa moto akusowa polowera.

Pamene ndikuopa kwambiri ndi pogawa malo. Ngati kagawidweko kadzachitikira m'chipinda, mabenchi adzagwera achibale a akuluakulu ndi anyamata a zipani, omwe adzayamba kubwereketsa kwa mavenda enieni pamtengo wokwera, ndipo mayi wa kaunjika uja adzapitiriza kuthawa. Kalembera achitikire pamsewu pomwepo, masana, atsogoleri a mavenda ndi eni masitolo akuona, ndipo mayina apachikidwe poyera kuti aliyense awerenge.

Zaka zapitazi taona ndalama zambiri zikulowa m'misewu ya magalimoto, monga pamphambano ya Area 18 ndi kukuza msewu wa Kenyatta. Sindikutsutsa zimenezo. Ndikungopempha makhansala athu, ndi a meya, kuti ayesere Loweruka lokha kwa miyezi itatu, kachigawo kakang'ono ka pafupi ndi msika, kenaka adzatifunse ife amene timakhala pamenepo: mavenda, eni masitolo, madalaivala, akabaza ndi ogula. Ngati tidzanena kuti zaipa, adzachotse zigubuzo.

Ine wanu,
Telala wa pakhonde,
Area 2, Lilongwe