Msinkhu wa galimoto usatinamize

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiponyeko mawu pa mkangano umene wakula pakati pa okonda magalimoto, woti yabwino ndi iti pakati pa saluni yapamwamba ndi zazitali zamasiku ano zimene akuti ma crossover. Ine ndine makaniko pa Chitakale kuno ku Mulanje, ndipo zaka zanga zambiri zathera chagada kunsi kwa magalimoto a eni. Ambiri amene amakangana nkhaniyi galimoto amaionera pamwamba, penti, nyali ndi mipando yachikopa. Ine ndimaionera kunsi, choncho ndinena za kunsiko.

Loweruka masana pagalaja panga sipasowa anthu. Ena amabwera kudzasinthitsa oyilo, ena kudzangocheza podikira mpira pa wailesi. Pali madala ena amene anapuma ntchito ku esiteti ya tiyi, mpaka lero amayendera Toyota Crown yakale yoyera. Iwo amati galimoto ya ulemu ndi saluni basi, pakona siyendera mbali imodzi, m'kati simumveka phokoso, ndipo ukatsika pa ukwati anthu amadziwa kuti pafika munthu. Anyamata amene agula Honda Vezel, Mazda CX-5 kapena Nissan X-Trail amayankha kuti, "Madala, imeneyo ndi ya mu Victoria Avenue, kuno mudzaisiya pa hampu." Pa za mahampu anyamatawa sakunama. Pamene ndimasiyana nawo ndi pamene amaganiza kuti galimoto ikakhala yaitali ndiye kuti ndi ya kumudzi, yolimba, yopita paliponse.

Choyamba tidziwe kuti mkangano umenewu woweruza wake sali ku Malawi kuno. Magalimoto athu ambiri anayamba ayenda ku Japan. Amatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, ena ku Durban n'kulowera pa Mwanza. Ku Japan galimoto yatsopano imakayezedwa ikakwana zaka 3, kenako zaka 2 zilizonse, ndipo kuyezako n'kodula, n'chifukwa chake eni ake ambiri amaigulitsa ikadali ndi moyo. Ndiye zimene akugula kumeneko lero ndi zimene ife tidzazione pa msewu wa Midima zaka zisanu kapena khumi zikubwerazi. Tsono taonani zimene zachitika. Toyota inasiya kupanga Mark X mu 2019. Premio ndi Allion, zimene aphunzitsi ndi abusa ambiri kuno amazikonda, zinatha mu 2021. Camry anasiya kuigulitsa ku Japan kumapeto kwa 2023. Crown yomwe ija ya madala, imene inayamba kupangidwa mu 1955, pamene inatuluka yatsopano mu 2022 yoyamba kuonekera inali yokwezedwa m'mwamba ngati crossover, saluni yake inachita kubwera pambuyo. Ku America nako Ford inalengeza mu 2018 kuti ikusiya masaluni ake. Tifune tisafune, chitsime cha masaluni chikuphwa, ndipo zimene zikubwera ndi zazitalizi. N'chifukwa chake ndikufuna tizidziwe bwino tisanathire ndalama zathu.

Toyota Hilux kapena Land Cruiser Prado ili ndi chasisi, zitsulo ziwiri zonenepa zochokera kutsogolo mpaka kumbuyo, ndipo bodi imachita kumangiriridwa pamwamba pake. Prado ilinso ndi giya yaing'ono ya m'matope ndi pamtunda. Crossover ilibe zimenezo. Ndi galimoto yaing'ono ya m'tauni imene anaivalika bodi yaikulu n'kuikweza pang'ono. Vezel yoyamba ija ya 2013 kunsi kwake ndi pachibale ndi Honda Fit. Toyota C-HR kunsi kwake ndi pachibale ndi Prius. Zimenezi si zoipa ayi, anazipanga dala chomwecho kuti zizimwa mafuta ochepa ndiponso kuti mayi wokalamba asamavutike kukwera ndi kutsika. Koma zambiri zimene zimafika kuno zimakoka ndi matayala akutsogolo okha, chifukwa ndi zimene zimatsika mtengo pogula.

Ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso anga. Nthawi ya chiperoni, mvula yowaza ija itagwa masiku atatu osakata, anandiimbira mnyamata wina amene amagwira ntchito ku Blantyre. Anali atangoitanitsa crossover yake yoyamba, ndipo amapita kumaliro kumudzi kwa mkazi wake, msewu wodutsa m'minda ya tiyi. Amene amadziwa dothi lofiira la kuno akudziwa kuti likanyowa limaterera ngati therere. Pokwera kamtunda kena galimoto inayamba kupalasa. M'katimo munali anthu asanu ndi awiri, kumbuyo matumba awiri a ufa ndi nkhuni za pamaliro. Iye anaponda moto, kubwerera m'mbuyo, kupondanso, kwa nthawi yaitali ndithu, mpaka galimoto inangoti zii, injini ikulira koma matayala osazungulira. Ndinafika pa njinga yamoto. Ndisanatsegule n'komwe boneti, fungo la oyilo wopserera linandilandira.

Mnyamatayo ananditenga pambali n'kunena motsitsa mawu kuti, "Koma amalume, wondigulitsayo anati ndi four by four." Ndinayala katoni pamatope n'kumuuza kuti agone pambali panga. Ndinamuunikira ndi tochi ya foni pakati pa matayala akumbuyo. Panalibe difu, panalibe propshaft, zitsulo zimene zimapereka mphamvu ya injini ku matayala akumbuyo, panali paipi ya utsi ndi thanki ya mafuta basi. Anakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana malo opanda kanthuwo, apongozi ake ataima poteropo ndi ambulera. Tinaikoka ndi thalakitala mpaka pa tala. Mawa lake nditamasula pani ya giyabokisi, oyilo anatuluka wakuda ngati tiyi wopitirira masamba, ndipo timaginito ta pansi pa paniyo tinali titamera ubweya wa tizitsulo. Galimoto imeneyo inakhala pagalaja panga miyezi isanu akusonkha ndalama ya giyabokisi ina, ndalama imene ankati afolerere nyumba yake ku Machinjiri. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa mwanayo sanalakwe china koma kukhulupirira msinkhu.

Giyabokisi imene ili m'magalimoto ambiri oterewa amaitcha CVT. M'kati mwake mulibe magiya a mano osinthana ngati amene tinazolowera. Muli lamba wachitsulo amene amayenda pakati pa mapule awiri otseguka ndi kutsekeka. Pa tala ndi yabwino zedi, imayenda mosalala ndipo petulo imamwa pang'ono. Adani ake ndi kutentha, katundu wopyola muyezo ndi oyilo wolakwika. Apa ndidzudzulenso amakaniko anzanga. CVT ili ndi oyilo wakewake, mwachitsanzo za Nissan zimafuna NS-2 kapena NS-3 malinga ndi chaka chake. Ena mwa ife timangothira ATF, oyilo wofiira wa pamsika wa magiyabokisi wamba a otomatiki, chifukwa ndi amene ali pafupi, mwini galimoto n'kuchoka akuthokoza, pakatha miyezi ingapo lamba wayamba kuterereka. Kumeneko ndi kupha galimoto ya munthu.

Musaganize kuti ndikuti thamangirani saluni yapamwamba. Ndimaikonda, sindibisa. Mark X, ndi injini yake ya V6 yokankha ndi matayala akumbuyo, ukaitenga m'makona a msewu wochokera ku Limbe kudzera ku Bvumbwe, Thyolo mpaka Luchenza, imagwira msewu mwa njira imene crossover iliyonse singafikepo. Koma chikondi sichilipira masipeya. Masaluni ambiri a ku Germany ndi otsika, ndipo ndawotchererapo masampu angapo, mapani a oyilo a kunsi kwa injini, obooka ndi mwala umodzi wokha. Matayala ake opyapyala aja akagwa m'dzenje limu imapindika. Ikadwala imafuna kompyuta kuti uidziwe nthenda, ndipo sipeya yake nthawi zambiri imachokera ku Johannesburg kapena ku Dubai, kogula ndi ndalama zakunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anayamba kulira pagalaja panga anali eni magalimoto amenewa. Onjezanipo msonkho wa MRA umene umakwera injini ikakhala yaikulu, ndi mizere ya petulo imene tagonapo zaka zapitazi. Komanso chiwonongereni misewu ndi milatho namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, malo ena kuno ku Mulanje ndi ku Phalombe galimoto yotsika imachita kupempha njira. Munthu wa malipiro a pamwezi akandifunsa, ndimamuuza kuti saluni yotero aisiyire amene ali ndi galimoto yachiwiri pakhomo.

Chimene chikundisowetsa tulo kwenikweni ndi ma hybrid, magalimoto oyendera petulo ndi batire lalikulu pamodzi. Chifukwa cha kuvuta kwa mafuta, anthu akuthamangira Toyota Aqua, Prius ndi ma crossover a batire, ndipo sindikuwanena, mafuta amapulumutsadi. Koma ndani azikonza kuno kumudzi? Mawaya a olenji amene ali mu Prius amanyamula mavolti oposa 200, okwanira kupha mnyamata wophunzira ntchito amene wangolowetsa sipanala osadziwa. Batire lalikulu lija limaziziritsidwa ndi kafani kamene kamakoka mpweya cha pa mpando wakumbuyo. Fumbi la mwezi wa Okutobala likadzaza m'menemo batire limatentha n'kufa msanga. Ina imene ndinaitsegula ndinapezamo fumbi lochita kuumbika, ulusi wa mawigi ndi nthenga za nkhuku. Mwini wake anali atauzidwa kale kwina kuti agule batire latsopano, pamene chofunika choyamba chinali burashi ndi mpweya. Ambiri a ife tinaphunzira ntchito pa kabureta ndi mapointi. Zatsopanozi timaphunzira pa YouTube usiku, bandulo ikalola, ndipo nthawi zina timaphunzirira pa galimoto ya kasitomala, zimene si chilungamo kwa iye.

Ndiye kudzera m'nyuzipepala yanu ndikupempha a TEVETA pamodzi ndi makoleji a ntchito zamanja monga Soche ndi Nasawa kuti atiganizire ife amene tili kale pantchito. Sitingasiye magalaja athu zaka ziwiri kukakhala m'kalasi, koma maphunziro a milungu iwiri kapena itatu a CVT, hybrid ndi kompyuta yoyezera, ochitikira pa Luchenza kapena pa boma la Mulanje, tikhoza kudzaza holo ndipo tikhoza kulipirako. Kwa amene amaitanitsira anthu magalimoto, chonde muzimuuza wogula poyera ngati ili 2WD (yokoka ndi matayala awiri) kapena 4WD (yokoka ndi onse anayi), ndiponso mtundu wa giyabokisi yake. Inu ogula, musanatumize ndalama funsani chithunzi cha kunsi kwa galimoto cha kumbuyo, ndi nambala ya chasisi, mupite nazo kwa makaniko amene mumamukhulupirira. Ngati kwanu n'kumene kumafuna thalakitala mvula ikagwa, funani 4WD yeniyeni kapena pikapu, ngakhale yakale.

Mnyamata uja galimoto yake ikuyenda bwino tsopano, ndipo oyilo wa giyabokisi amagula yekha n'kubwera naye m'chigubu chosatsegula. Akamapita kwa apongozi ake nthawi ya mvula amaisiya pagalaja panga, makiyi n'kundipatsa, ulendo wotsalawo n'kumalizira pa njinga yamoto.

Makaniko wa pa Chitakale,
Mulanje.