Kalata yotseguka kwa Mkulu wa Ndende za m'Malawi pa nkhani ya mafizo

Olemekezeka Bwana,

Ife ogwira ntchito ya mafizo tikupempha kuti ndende za Zomba, Maula, Chichiri ndi Mzuzu zikhale ndi tsiku lokhazikika pa sabata limene wa mafizo azilowa, ndiponso kuti mulembe momveka zida zimene angalowe nazo.

Kulumala kochuluka kumayambira mu selo momwemo. Khoti linanena kale mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, kuti kuthithikana m'ndende zathu n'kuphwanya ufulu wa akaidi. Ife timaona zotsatira zake m'miyendo. Wogona pa shamba, pakati pa selo pamene akaidi amagona chokhala, amachezera atapinda mawondo mpaka kucha, ndipo mtsempha wodutsa kunja kwa bondo ukapanikizika maola ambiri chonchi, phazi limagwa. Munthu sathanso kudzutsa zala, amayenda mokwakwaza. Zikadziwika msanga, mankhwala ake ndi otsika mtengo: kumuchotsa pa shamba, kumangirira kathabwa kogwira phazi kuti liime usiku, ndi kukoka katumba masekondi 30, katatu, m'mawa ndi madzulo. Zikachedwa, katumba amafupika ndipo chidendene sichifikanso pansi.

Amene akumwa mankhwala a TB amadandaula dzanzi ndi kutentha kwa mapazi. Kawirikawiri choyambitsa ndi isoniazid, amodzi mwa mankhwalawo, choncho pyridoxine (vitamini B6), amene amateteza ku vutoli, asamasowe kuchipatala cha ndende. Phazi la dzanzi silimva chilonda, choncho liziyang'anidwa tsiku ndi tsiku, pakati pa zala pomwe.

Wodwala sitiroko ndiye amavutika koposa. Ayenera kutembenuzidwa maola awiri aliwonse, apo ayi zilonda zimabuka m'chiuno ndi m'zidendene. Anzake, mwachifundo chawo, amamudzutsa pomukoka mkono wofookawo, phewa n'kuguluka. Wa mafizo sangakhalepo usiku, koma angaphunzitse anyapala (akaidi oyang'anira anzawo) pamodzi ndi akaidi awiri pa selo: dzanja lipite kumsana pansi pa phewa, mkono wofooka ugone pa bulangeti lopinda, zala ziwongoledwe pang'onopang'ono. Chonde akaidi ophunzitsidwawa asamasamutsidwe onse pamodzi.

Mwina munena kuti odwala amatumizidwa ku chipatala chachikulu. Inde, koma mafizo si jakisoni wobaya kamodzi. Wochotsedwa chikhakha patatha masabata 6 amafunika kuonedwa mobwerezabwereza, ndipo ulendo uliwonse umafuna galimoto, mafuta ndi asilikali operekeza. Chimodzi chikasowa, tsiku lapita, chigongono n'kuuma chopindika. Kutumiza wa mafizo mmodzi kwa odwala ambiri n'kosavuta kusiyana ndi kutulutsa odwalawo mmodzimmodzi. Yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu (KUHeS) imaphunzitsa ntchitoyi, ndipo ophunzira a chaka chomaliza angabwere ndi owayang'anira mutagwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo.

Za chitetezo tikuzimvetsa. Ndodo yachitsulo ingasanduke chida, chingwe cha mphira chingagwiritsidwe ntchito podzipweteka. Koma kulanda ndodo kwa munthu wothyoka mwendo n'kumugoneka pansi. Akalipentala a m'ndende angathe kupala ndodo zamatabwa: pamwamba pake pasiyane ndi m'khwapa zala zitatu, chogwirira chilingane ndi pamene dzanja limapindikira munthu ataima mikono ili pansi, kunsi kukhomedwe mphira wa tayala kuti isaterere pa simenti yonyowa. Yotalika kwambiri imapanikiza mitsempha ya m'khwapa, dzanja n'kufooka. Ndodo iliyonse ilembedwe nambala m'kaundula, iwerengedwe potseka maselo. Zolemera zolimbitsira minofu sitikupempha kuti mugule. Botolo la malita 2 lodzaza madzi likwanira, bola asilikali a pageti auzidwe kuti ndi lololedwa.

Ndife anu,
Ogwira ntchito ya mafizo