Magulu a odwala shuga adziunike bajeti isanatsekedwe

A Mkonzi,

Tikufuna kulankhula ndi magulu olankhulira anthu odwala matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Ambiri akamadziunika amangowerenga misonkhano imene anachititsa, zomwe sizithandiza wodwala.

Yambani ndi kaundula wa mamembala. Pa miyezi 12 yapitayi, ndi angati analandira mankhwala a shuga monga metformin kapena insulin mwezi uliwonse? Angati anasiya kupita ku kiliniki, ndipo chifukwa chinali mayendedwe kapena kusowa kwa mankhwala? Mankhwala akasowa, mlembi alembe tsiku, dzina la mankhwala ndi chipatala chake. Kungonena kuti "mankhwala kulibe" sikusuntha aliyense, koma kope lokhala ndi masiku limakakamiza komiti yapachipatala kuyankha.

Wapampando ndi msungichuma asadziunike okha. Sankhani mamembala atatu osakhala m'komiti kuti aone malisiti ndi buku la ndalama, afunsenso amene anasiya kubwera. Amene anasiyawa ndiwo amanena zoona, poti alibe womuopa.

Pulani ikhale ndi zolinga ziwiri kapena zitatu basi, chilichonse chikhale ndi mwini wake, tsiku lomalizira ndi mtengo wake. Pulani ya zolinga khumi yolembera kusangalatsa opereka thandizo imafa thandizolo likatha.

Kenaka nthawi. Chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 April, choncho zopempha zanu zifike ku ofesi ya zaumoyo ya boma lanu pofika December. Mukapita mu May, mupeza ndalama zagawidwa kale.

Ndife,
Alangizi a magulu a odwala