Hadikava ya agogo ako ija ili kuti?

Mwana wanga,

Ndinakuimbira kawiri Lamulungu sunayankhe, ndiye ndati ndingolemba pa WhatsApp pompano uwerenge ukaweruka. Kuno tadzuka, BP yanga yatsikako, mvula yayamba koma feteleza sitinagule.

Msuweni wako wafika sabata yatha pa basi ya ku Joni ndipo zimene wandiuza zandisowetsa tulo. Akuti kulemba unasiya. Akuti hadikava yakuda ija ili pansi pa matiresi chifikireni ku Johannesburg, ndipo Loweruka lililonse umakhala ku shabini ndi mnzako uja, dzina sinditchula ukumudziwa. Ati amakuseka kuti zolembalemba sizilipira lendi, iwe nkumamumvera eti? Iyeyo analembapo chani chibadwire? Si yemwe uja anakubwereka ndalama ya mayeso uli folomu 4 mpaka ine ndinagulitsa mbuzi? Mwana iwe, munthu ameneyo ndimamuopa kuposa mowa weniweniwo, chifukwa mowa sumakuuza kuti luso lako ndi lachabe.

Ndikudziwa umatopa. Kudzuka 4 koloko, kuthamangira takisi, kuima tsiku lonse, sindikunena kuti ndi zophweka ayi, ndipo ndalama unatumiza ija tinalandira zikomo, agogo ako tinawagulira bulangete. Koma ine sindinapemphe buku lathunthu, mizere itatu yokha patsiku. Mu takisi momwemo lemba pa foni, usiku ukopere mu kope. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Tsiku limene mutu wauma lemba zomwezo zoti lero ndatopa, ndaona chakuti pa Park Station, bola dzanja lisaiwale. Vuto lako kuyambira kale umafuna chilichonse chituluke chokongola tsiku loyamba, chikapanda kutero umang'amba pepala, ndinkatola ndine mapepala ako kuseri kwa nyumba, ena ndikadali nawo mu sutukesi.

Ukukumbuka uli sitandade 6 unalemba chimangirizo cha maliro a agogo ako aamuna, aphunzitsi anachiwerenga pamaso pa kalasi yonse nkubwera nacho okha kunyumba kudzandionetsa? Ndinalira tsiku limenelo. Unkatha parafini wanga yense ndi koloboyi, ndikakalipa umati amayi ndatsala pang'ono. Mwana ameneuja wapita kuti?

Chondipweteka kwambiri ndi agogo ako. Anakhala nawe pakhonde masiku angati akukufotokozera za njala ya 1949, mmene mvula inadukira, anthu a kuno ku Lunzu akuyenda wapansi kukasuma ku Ntcheu, ena amuna osabwerera nkomwe, ana akudya gaga ndi mizu ya kutchire. Nkhani zimenezo ngakhale ine mwana wawo sanandiuzepo zonse, anauza iwe chifukwa unali ndi cholembera m'manja. Ndiye za malume awo amene anapita ku Wenela kukakumba migodi konko kumene uliko, munalekezera pakati, anati mudzapitiriza ukadzabwera pa Khirisimasi. Pano makutu ayamba kuvuta, maina ena akumasokoneza, dzana anandiitana dzina la malemu mng'ono wawo. Koma akamva foni yalira amafunsa kuti kodi mlembi wathu uja wafika pati. Ndiziwayankha chani ine? Ndiziti ali ku shabini ndi mnzake?

Zoti mulibe ndalama mu zolemba mwina nzoona, sindikutsutsa, ine si wodziwa zimenezo. Komatu sunayambe chifukwa cha ndalama. Ndipo ngakhale zikanakhala za ndalama, mesa nyuzi za kuno zili ndi masamba a Chichewa, Tamvani, Tikambe, amene amalemba mmenemo ndi anthu ngati iwe, sanagwe kumwamba. Tumiza kankhani kamodzi, akakakana tumiza kena. Usadikire kuti anthu ambiri akuyamikire kaye, owerenga awiri uli nawo kale, ine ndi mlongo wako, ndipo iyeyo ndi amene aziwawerengera agogo mokweza.

Mnzako ujayo usakangane naye, kwa eni kumeneko ndewu sizabwino, ungochepetsa. Akabwera Loweruka umuuze kuti uli ndi chochita, akaseka aseke. Ndipo usamuonetsenso zimene walemba, ukumva? Usamuonetse. Ndalamanso usamubwereke.

Lachisanu ndigula bandulo, ndikhala ndi agogo ako madzulo dzuwa likapepa, ndi nthawi imene mutu wawo umakhala bwino. Ukonzeretu mafunso a za ku Wenela aja, uyimbe cha m'ma 5 koloko, uzilankhula mokweza. Ukalephera kuyimba nditumizire mafunsowo ndiwajambule mawu ndikutumizire. Ndipo lero lomwe usanagone tulutsa hadikavayo, ujambule tsamba lomaliza limene unalemba unditumizire ndilione ndi maso anga.

Uzivala juzi, paja chifuwa chako sichichedwa.

Ndine mayi ako