Lipoti la Ulendo wa ku North Norfolk: Zimene Ndinamva ndi Kumene Ndinathamanga

Kwa a wapampando, a komiti ndi inu nonse amayi ndi abambo a m'gulu lathu la othamanga kuno ku Norwich,

Zikomo chifukwa chondituma. Ndabwerako kumsonkhano uja wa atsogoleri a timagulu ta othamanga, umene unachitika Loweruka ndi Lamulungu kufupi ndi Cromer. Zokambirana za m'holo zinali zochepa, nthawi yambiri tinathera panja, kuthamanga m'njira zomwe tinkakambiranazo. Funso lalikulu limene munandipatsira linali lakuti kodi nkhalango za m'maesiteti akale ndi njira za m'mbali mwa nyanja n'zoti ifenso tingakathamangemo, kapena n'za eni ake. Ndabwera ndi yankho: n'zathunso, ndipo tachedwa nazo. Koma pali koyambira ndi kosayambira, ndiye mundilole ndifotokoze bwinobwino.

Ndiyambe ndi chimene chinkandimanga ineyo. Ife amene tinakulira kufupi ndi maesiteti a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, tikamva mawu oti esiteti timakumbuka mlonda, chikwangwani choletsa, ndi nkhani za thangata zimene agogo ankatisimbira. Zaka zonsezi ndakhala ndikudutsa pabasi pafupi ndi zipata za malo amenewa kuno, osaganizako n'komwe zotsika. Kumsonkhanoko anatifotokozera kuti ku England kuli njira zimene lamulo limalola aliyense kudutsamo wapansi, ngakhale zitadutsa pakati pa munda wa mwini. Amazitcha public footpath, ndipo mumazidziwira kamuvi kachikasu kokhomedwa pamtengo kapena pachipata. Kamuvi kakakhala kabuluu, ndiye kuti apanjinga ndi apahatchi nawonso amadutsa momwemo, muzitchera khutu kumbuyo. Kuwonjezera apo, maesiteti atatu amene tinawaona, Sheringham Park, Felbrigg ndi Blickling, ali m'manja mwa National Trust, bungwe lomwe linayamba mu 1895 kuti lizisungira anthu onse malo otere. Kuthamanga m'nkhalango ndi m'mabusa ake salipiritsa. Ndalama imalowa mukafuna kuimika galimoto musali membala, kapena mukafuna kulowa m'nyumba zikuluzikulu zija za ku Felbrigg ndi ku Blickling ndi m'minda yake yamaluwa.

Loweruka m'mawa tinayambira ku Sheringham Park, kumene kumachitika parkrun. Kwa amene simunapiteko: ndi makilomita 5, Loweruka lililonse 9 koloko m'mawa, kwaulere. Inayamba mu 2004 ku Bushy Park, ku London, ndi othamanga 13 okha. Mumalembetsa kamodzi pa intaneti, amakupatsani barcode yanu, basi. Chimene chinandigwira mtima ndi munthu wovala vesiti ya olenji amene ntchito yake ndi kuyenda kumbuyo kwa aliyense. Ndinakumbukira amayi athu angapo amene amati akuopa kukakhala omaliza anthu akuwayang'ana. Amayi, kumeneko simungakhale omaliza ndinu, womaliza anasankhidwa kale. Ndinaona agogo ena akuyenda ulendo wonse ndi ndodo ziwiri, ndipo atafika anawaombera m'manja monga anachitira ndi woyamba.

Malowo anawakonza ndi Humphry Repton mu 1812, kukonzera banja la a Upcher, ndipo luso lake mumalimva m'miyendo. Njira imakulowetsani m'mitengo yowirira, kukutsitsani, kukukwezani, kenako mwadzidzidzi mitengo ija n'kutseguka, nyanja ili poteropo. Tinapita nyengo yabwino, maluwa a rhododendron atachita kuti psuu mbali zonse, zitsamba zake zina zazitali kuposa nyumba. Pansi chakunyanja timamva sitima yamalasha ya North Norfolk Railway ikulira popita ku Holt. Koma ndisakunamizeni, pali zitunda. Anthu amati Norfolk ndi dziko lathyathyathya, ndipo n'zoona kuti pamalo okwera kwambiri m'chigawo chonse, Beacon Hill, pangopitirira pang'ono mamita 100, pomwe Sapitwa yathu ndi mamita 3,002. Amene munaonererapo mpikisano wa Porters' Race ku Mulanje mudzati tizitunda ta ana. Komabe munthu wozolowera phula lakuzungulira nyumba, chitunda chomaliza chija chimamusiya ali wefuwefu.

Masana tinapita ku Felbrigg, ndipo kumeneku n'kumene mtima wanga unatsala. Nyumba yake ndi ya m'zaka za m'ma 1600, ndipo pamwamba pa khoma lakutsogolo pali zilembo zamiyala zachilatini, GLORIA DEO IN EXCELSIS, ndiko kuti ulemerero kwa Mulungu kumwambamwamba. Kuseri kwake kuli nkhalango yotchedwa Great Wood, ya maekala opitirira 500, yodzaza ndi mitengo ya oak, beech ndi chestnut. Ina mwa mitengoyi ndi yakale moti tinayesa kuugwira umodzi anthu atatu manja osakumana. Pansi pake ndi pofewa, masamba a zaka ndi zaka, moti phazi likamatera silimveka. Ine mawondo amandivuta ndikathamanga paphula mphindi makumi anayi. Kumeneko ndinatha ola lathunthu osawakumbukira.

M'kati mwa nkhalangoyo muli njira ziwiri zazitali zokhala ndi mitengo ya beech mbali ndi mbali, zimene zimakumana pamodzi ngati chilembo cha V. Amazitcha Victory V. Anazibzala mu 1946 ndi mwini womaliza wa malowo, Robert Wyndham Ketton-Cremer, pokumbukira kutha kwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse komanso mng'ono wake Richard, amene anafera ku Crete mu 1941. Iye atamwalira mu 1969, malo onsewo anawasiyira National Trust. Titafika pokumanira njira ziwirizo, gulu lonse linasiya kuthamanga popanda wouza mnzake. Ndinaganiza za agogo athu, asilikali a KAR (King's African Rifles), amene anamenya nkhondo yomweyo ku East Africa ndi ku Burma. Tsiku limene tidzapiteko monga gulu, ndikupempha tidzaime pamenepo pang'ono.

Kuchokera m'nkhalango njira imatsikira kudamu la pamalopo, n'kudutsa pabusa pomwe pali tchalitchi chakale cha St Margaret, chili chokhachokha pakati pa udzu ndi ziweto. Apa m'pamene anatiphunzitsa mwambo wa m'mabusa. Chipata muchisiye monga mwachipezera. Mukapeza ng'ombe, makamaka za ana, lekani kuthamanga, yendani modekha chapatali. Ndipo mukafika kunyumba dzifufuzeni nkhupakupa kumbuyo kwa mawondo, m'chiuno ndi m'khwapa. Nkhupakupa za kuno n'zazing'ono kwambiri kuposa zomwe tinazolowera pa ng'ombe kwathu, ndipo zina zimapatsira matenda a Lyme. Mukaona chizindikiro chofiira chikukula mozungulira pamene inalumapo, kapena thupi likuphwanya ngati chimfine, pitani kwa dokotala, musadikire.

Lamulungu linali la kunyanja. Norfolk Coast Path ndi njira yaitali, mamailosi 84 kuchokera ku Hunstanton kukafika ku Hopton-on-Sea, ndipo chizindikiro chake ndi kachipatso ka mtengo wa oak. Ife tinangodulako chigawo cha Sheringham kukafika ku Cromer, makilomita pafupifupi 7. Mukangotuluka m'tauni mumakwera kaphiri ka Beeston Bump, ka mamita 63, ndipo pamwamba pake mphepo inkatikankha moti munthu unkachita kuweramira kutsogolo. Dzuwa linalipo, koma zala zinauma ndi kuzizira. Kukongola kokha musafunse: kumanzere madzi mpaka kumene maso alekezera, kumanja minda ndi nsanja za matchalitchi.

Ngakhale zili choncho, maganizo anga ndi akuti njira iyi tisayambire. Maphompho a m'dera limeneli si a mwala wolimba, ndi dothi, mchenga ndi dongo, ndipo nyanja ikuwadya chaka ndi chaka. Ndi kugumuka komweku kumene kunavumbula mafupa a chinjovu chakalekale cha mtundu wa mammoth ku West Runton mu 1990. Pamalo pena ndinaona ndi maso angawa mizati itatu ya mpanda ikulendewera m'malere, waya yekha ndiye ataigwira, nthaka imene inazikidwapo itapita kale pansi. Tsono taganizirani gulu lathu mmene timachitira, kucheza, kuseka, wina kubwerera chambuyo kuti ajambule chithunzi chabwino. Ndinachita mantha.

Chachiwiri ndi madzi. Ife nyanja yathu kwathu imakhala pomwe munaisiya dzulo. Iyi yamchereyi imadzadza ndi kubwerera kawiri patsiku, ndipo munthu wothamanga pamchenga kunsi kwa phompho angathe kupezeka madzi amutsekera kutsogolo ndi kumbuyo, kokwera kulibe. Ku Wells-next-the-Sea mpaka amaliza sayirini pochenjeza anthu kuti madzi akubwera. Aliyense wotsogolera gulu ayenera kuona nthawi za madzi asananyamuke, ndipo pakagwa ngozi m'mbali mwa nyanja muimbe 999 n'kupempha Coastguard, opulumutsa anthu panyanja. Anatichenjezanso za gombe la kumadzulo, kuchokera ku Weybourne kulowera ku Cley, kuti ndi nsangalabwi zokhazokha, phazi limamira, akakolo amatopa msanga. Malo ena amazingidwa ndi zingwe nyengo ino chifukwa mbalame zimaikira mazira pansi penipeni, pakati pa timiyala. Zingwezo tisamalumphe.

Panali chinthu chimodzi chimene sichinandikomere, ndipo ndinachinena konko. Oyankhula ambiri ankakamba ngati aliyense ali ndi galimoto, ali ndi nsapato zamitundu itatu, ndipo Loweruka ndi Lamulungu amakhala pakhomo. Ndinaimirira n'kuwauza kuti gulu limene landituma ambiri ndi ogwira ntchito zosamalira okalamba ndi odwala, amaweruka 8 koloko m'mawa atachezera usiku wonse, ndipo anayamba kuthamanga chifukwa adokotala anawauza za shuga ndi BP, osati pofuna mendulo. Holo inakhala chete kaye. Kenako mayi wina wachikulire wa m'dera lomwelo anabwera ndi mapu ake okuthaitha n'kukhala nane pansi mpaka tiyi anazizira. Safunsa anadya phula, anatero akuluakulu. Mayiyo anandionetsa kuti sitima ya Bittern Line imachoka ku Norwich n'kufika ku Cromer ndi ku Sheringham pafupifupi ola limodzi, kuti m'mbali mwa nyanja mumayenda basi ya Coasthopper moti otopa angabwerere pabasi, komanso kuti njira ya Weavers' Way imayambira ku Cromer n'kudutsa mu Felbrigg momwe. Ndiye kuti ku Felbrigg tingafikeko ndi sitima ndi miyendo yathu, popanda kupempha galimoto ya munthu.

Ku Blickling tinangodutsako pobwerera, koma n'kumene ndikupempha kuti tiyambire. Ndi kufupi ndi Aylsham, kumene mabasi ochokera ku Norwich amaima. Kuli njira yozungulira ya mamailosi 4, yokonzedwa molimba moti ngakhale mvula itagwa nsapato zathu zomwezi zikwana, ndipo wokankha mwana pangolo angayende nafe. Imadutsa m'nkhalango ndi m'minda, zitunda zake n'zofatsa, phompho kulibe. Chapakati pa mitengo pali manda omangidwa ngati piramidi a m'zaka za m'ma 1790, oti ana athu akawaone. Kumenekonso kumachitika parkrun Loweruka.

Choncho pamsonkhano wathu ukubwerawu ndikupempha tigwirizane izi. Ulendo woyamba ukhale wa ku Blickling, ndipo tsiku lake lisankhidwe titaona kaye marota a amene amagwira usiku, chifukwa ulendo uno ndi wawo kuposa wina aliyense. Tikapita kawiri kapena katatu tidzasunthire ku Felbrigg. Za kunyanja tidikire mpaka titapeza anthu awiri odzipereka, wina wotsogola wina wotsalira kumbuyo, amene adzayambe apitako okha kukaiona njirayo. Ine ndadzipereka kukhala mmodzi. Achinyamata athu athandize amayi ndi abambo kulembetsa parkrun pa foni tisanabalalike tsikulo.

Malisiti a sitima ndi a malo ogona ndapereka kwa a msungichuma pamodzi ndi ndalama yotsala. Mapu amene mayi uja anandipatsa ndidzabwera nawo, ali ndi mizere ya pensulo m'malo onse amene ndatchulawa.

Ine mtumiki wanu,
Nthumwi ya gulu